Chinathyoka ndi phazi limodzi lokha

Mukadawaona alamu anga mwezi umene anathyoka phazi, mukadati iwo ndi njinga atsanzikana. Munthu amene ankapalasa ndi matumba a mpunga wa kilombero kuchokera ku Hara mpaka pa Uliwa anangoti ndwii pakhonde, phazi lili m'chikhakha, ndodo pambali. Thumba la mpunga womwewo ndi limene linawagwera n'kuthyola kafupa ka pamwamba pa phazi. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti fupa lotere limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndipo chikhakha chisanyowe. Mimba inayamba kutsogola, katumba wa mwendo ankafota, ukali ndiye osanena. Ngakhale nkhuku zinkawalambalala.

Anawadzutsa ndi achemwali anga. "Bambo a mwana, chathyoka ndi phazi limodzi. Nanga ziwalo zinazo zalakwa chiyani?"

M'mawa mwake chubu chakale cha njinga chinamangidwa pamtengo wa mango. Alamu ankachikoka ndi manja atakhala pampando mpaka thukuta kamukamu, kenako n'kugona chagada pamphasa kumakweza miyendo umodziumodzi. Pambale sipankasowa usipa, wodya ndi minga yomwe, poti m'mingamo ndi mmene muli chakudya cha mafupa.

Chikhakha chitachoka, nyanja inagwira ntchito yake. Madzi ofika pachifuwa amanyamula gawo lalikulu la kulemera kwa thupi, choncho phazi limaphunziranso kuponda popanda kusenza munthu yense. Ankasankha pamchenga poyera, kupewa m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo. Adokotala atavomereza, anaimika njinga pa sitandi, tayala lakumbuyo lili m'malere, n'kumapalasa pabwalo osasuntha. Apa ndiye ana a m'mudzi anapeza sewero laulere. "Amalume, mufika liti ku Karonga?" Iwo osayankha, maso patsogolo, tcheni chikulira.

Kenako anatulukira pamsewu wa M1, poyamba opanda katundu, pambuyo pake ndi kamwana ka sukulu kumbuyo.

Lero mukawaona, ha! Mimba ija inaphwa, mapewa anatambasuka moti malaya akale akukana mabatani. Phazi litalimba anakwera msewu wa Gorodi, kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15 a makona okhaokha. Mwina ndi mwina anatsika n'kukankha, inde, koma ndani sakankha pa Gorodi? Asanavulale sankaulota n'komwe. Anabwerako akuimba belu kuyambira kumsewu, achemwali akululutira pakhomo, ana aja akuthamangira kumbuyo.

Tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza padoko la Chilumba, akabaza amakanganirana apaulendo otsika ndi katundu wolemera. Amene mungamuone atamangirira matumba awiri, akuseka kwinaku akupitirira anyamata, ndi alamu angawo.