Mkulu ndi Mng'ono Wake: Za Kulera Ana Aakazi a Bere Limodzi

M'chilankhulo chathu mwana satchula mbale wa amai ake ndi dzina lachilendo. Mkulu wao wa amai ndi amai aakulu, mng'ono wao ndi amai aang'ono, ndipo ana a akazi awiri apachibale sali asuweni ai, ali abale enieni osaloledwa kukwatirana. Makolo akale pokonza mau otere anadziwa kuti atsikana awiri aja tikuwaona akulimbirana mkute m'mamawa ndiwo adzakhala amai a mbumba imodzi. Mmodzi akadzatsogola kumanda, winayo ndiye adzatsala ndi ana. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anatha anthu m'midzi mwathu, tinaona ndi maso athu kuti mwana wamasiye amene amai ake anali kumvana ndi mng'ono wao anapeza pogona, pomwe wina anasauka abale ali pomwepo.

Tsono tiyeni tidzifunse ngati m'nyumba zathu za Chikristu ana amenewa akukula m'njira yoti adzakondane.

Katundu wolemera amagwera woyamba kubadwa. Akangofika zaka 7 kapena 8, khanda lili kumsana kwake. Ndiye wotunga madzi mbandakucha, ndiye wotsuka mbale, ndiye wopita kuchigayo, ndipo mng'ono wake akaswa mphika wokalipiridwa ndi iye yemweyo, ati chifukwa sanamuyang'anire. Sitikunena kuti mwana asagwire ntchito. Mtsikana wosadziwa kupeta mphale kapena kuphika nsima amachititsa manyazi amai ake. Koma kuthandiza amai nkwina, kulowa m'malo mwa amai nkwinanso. Kuyambira chaka cha 1994 maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'dziko lathu, komabe mtsikana angathe kukhala ndi dzina m'kaundula wa sukulu, namajomba kawiri pa sabata kuti atsale ndi mwana amai ali kumunda kapena kumsika. Pofika mayeso a Sitandade 8 amalephera, pamene mng'ono wake, amene anakula manja ali omasuka, asankhidwa kupita ku sekondale. Pamenepo makolo amati, "Wamng'onoyu ndiye wanzeru." Mau amenewo wamkulu amawasunga mumtima kufikira imvi.

Wamng'ono nayenso ali ndi dandaulo lake, ngakhale ndi lopepukirapo. Sadziwa fungo la diresi latsopano, pakuti chilichonse chimamufika mkulu wake atachivala kale, ndipo kusukulu aphunzitsi amamuitana ndi dzina la mkulu wakeyo. Nsalu imodzi yogulira iye yekha pa Krisimasi ingathe kuchotsa dandaulo la chaka chathunthu.

Buku Lopatulika silibisa nkhani zotere. Pa Genesis 29 ndi 30 tiwerenga za Leya ndi Rakele, amene anatha zaka zambiri akupikisana pa mwamuna mmodzi, wina nkumawerenga ana amene wabala, wina nkumadalira kukongola ndi kukondedwa kwake. Kawirikawiri timaweruza akazi awiriwo kuti anali ansanje, osaona kuti woyambitsa zonse anali Labani, atate wao. Iyeyu ndiye ananyenga Yakobo usiku wa ukwati, napindula nazo zaka zina 7 za ntchito. Ndipo onani pa mutu 31: tsiku limene Leya ndi Rakele analankhula ndi mau amodzi, anali kudandaula kuti atate wao anawagulitsa ngati alendo. Atate amene akuwerenga mau ano alingalire bwino. Kulera ana aakazi si ntchito ya kukhitchini yokha. Bambo woitana mwana mmodzi yekha kuti adzalandire sikono pochokera kuulendo akufesa mbeu imene iye sadzaiona pokolola.

Alendo ndi achibale nawonso amaononga ndi pakamwa. Munthu afika pakhomo, napatsidwa mpando, nayamba: "Uyu ndiye wokongola, watengera agogo ake, winayu kaya watengera yani." Amanena moseka, koma ana samva ngati nthabwala. Amai anzeru amayankha pomwepo mwaulemu, ana onse awiri ali kumva, kuti pakhomo pano palibe mwana wotsalira.

Nthawi yovuta koposa imafika wamkulu akatha msinkhu. Mu Sinodi ya Nkhoma mpingo unakhazikitsa Chilangizo m'malo mwa chinamwali chakale, ndipo mtsikana amapita kwa alangizi osankhidwa ndi mpingo kuti akamve mwambo wa Chikristu. Koma tisaiwale kuti iye akabwerako amakagona pa mphasa imodzi ndi mng'ono wake. Zimene wamkulu amachita, makalata amene amalandira, njira imene amadzera pochokera kuchitsime, wamng'ono amazidziwa zonse amai asanamve kanthu. Motero mlangizi woyamba wa mtsikana aliyense ndi mkulu wake. Inu atsikana aakulu, dziwani kuti pambuyo panu pali maso awiri amene sagona. Ndipo inu amai, musamusandutse wamng'ono kazitape womatumidwa kukazonda mkulu wake. Mudzamva zimene mukufuna, koma ana anuwo sadzauzananso zakukhosi. Tikumbutsenso pano kuti m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Kukwatitsa wamkulu msanga kuti ndalama zipezeke zophunzitsira wamng'ono ndi mlandu pamaso pa boma, ndiponso ndi njira ya Labani ija.

Pemphero la banja la madzulo ndi malo abwino okonzera zambiri mwa izi. Awerenge mosinthana, lero wamkulu, mawa wamng'ono, ngakhale akhale wodukizadukiza powerenga. Aliyense apempherere mnzake pomutchula dzina, makamaka tsiku limene ayambana. Ntchito za mawa zigawidwe pomwepo onse ali kumva, anyamata a m'nyumbamo osasiyidwa ai, pakuti mlongo wao angathenso kutunga madzi.

Madzulo ena muwawerengere Numeri 27. Mmenemo muli ana aakazi asanu a Tselofekadi: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Atate wao anafera m'chipululu osasiya mwana wamwamuna, ndipo dzina lake likadafafanizika. Asanuwo anaimirira pamodzi pamaso pa Mose, wansembe Eleazara ndi khamu lonse, napempha cholowa cha atate wao. Mose anapita nayo nkhaniyo kwa Yehova, ndipo Yehova anavomereza kuti anena zoona, nalamulira kuti kuyambira pamenepo munthu akafa wopanda mwana wamwamuna, cholowa chake chipite kwa mwana wake wamkazi.