N'chifukwa chiyani Asilamu amawawidwa mtima kwambiri chipembedzo chawo chikanyozedwa?

Pa 28 Juni 2023, tsiku limene Asilamu ankakondwerera Idi ya nsembe, Salwan Momika, mbadwa ya ku Iraq, anang'amba ndi kuwotcha masamba a Qur'an kunja kwa mzikiti waukulu wa mumzinda wa Stockholm ku Sweden. Apolisi anali atamulola kuchita chionetsero pamalopo. Mwezi usanathe, pa 20 Julayi, anthu okwiya anathyola ofesi ya kazembe wa Sweden ku Baghdad n'kuiyatsa moto, ndipo boma la Iraq linathamangitsa kazembeyo.

Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, anthu ambiri amene si Asilamu amadabwa kuti mkwiyo waukulu chonchi umachokera kuti. Funsoli likukhudzanso Moçambique, chifukwa kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 19 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno ndi Asilamu. Ambiri a iwo ali m'zigawo za Niassa, Cabo Delgado ndi Nampula, koma aliponso m'misika, m'sukulu ndi m'maofesi a zigawo zonse.

Qur'an si buku wamba kwa Msilamu

Asilamu amakhulupirira kuti Qur'an ndi mawu enieni a Mulungu, amene mngelo Jibril anabweretsa kwa Mtumiki Muhammad pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23, kuyambira m'chaka cha 610 mpaka pamene anamwalira mu 632. Bukuli lili ndi masura 114. Ambiri saligwira asanadziyeretse ndi madzi monga amachitira pokaswali, saliika pansi, ndipo m'nyumba amalisunga pamalo okwera. Ana amayamba kuliloweza ali aang'ono ku madrasa, ndipo amene waliloweza lonse amapatsidwa dzina laulemu lakuti hafiz.

N'chifukwa chake buku limene wina amaliona ngati mapepala chabe, kwa Msilamu ndi mawu amene amatchula poswali kasanu pa tsiku, amene anawerengedwa pa ukwati wake ndiponso pa maliro a makolo ake.

Malo a Mtumiki Muhammad

Munthu amalowa Chisilamu pochitira umboni zinthu ziwiri: kuti Mulungu ndi mmodzi yekha, komanso kuti Muhammad ndi Mtumiki wake. Dzina la Mtumiki limamveka pa kuitana kulikonse kwa swala, ndipo Msilamu akalitchula amawonjezera mawu omufunira mtendere ndi madalitso. Chiphunzitso chawo chimanena kuti chikhulupiriro cha munthu sichikwanira mpaka atakonda Mtumiki kuposa makolo ndi ana ake omwe. Aliyense amadziwa mmene mtima umawawira mayi ake akatukwanidwa pagulu. Msilamu amamva chimodzimodzi, mwinanso kuposa pamenepo, Mtumiki akanyozedwa.

Asilamu ambiri salolanso kujambula nkhope ya mneneri aliyense, poopa kuti anthu angayambe kulambira chithunzi. Ulemu umenewu amaupereka kwa Nuhu, Ibrahim, Musa ndi Isa, amene Akhristu amawatchula kuti Nowa, Abrahamu, Mose ndi Yesu. Sura 19 ya Qur'an ili ndi dzina la Maryam, mayi ake a Yesu.

Izi ndi zimene zinachititsa kuti moto ubuke pamene nyuzipepala ya Jyllands-Posten ya ku Denmark inasindikiza zithunzi 12 zoseketsa za Mtumiki pa 30 Seputembala 2005. Chimodzi chinamujambula atavala nduwira yooneka ngati bomba. Kumayambiriro kwa 2006 kunali zionetsero m'mayiko ambiri, maofesi a kazembe wa Denmark ku Damascus ndi ku Beirut anawotchedwa, ndipo anthu anasiya kugula katundu wa ku Denmark. Mu Febuluwale chaka chomwecho, nyuzipepala ya Savana ya ku Maputo inasindikizanso zina mwa zithunzizo. Asilamu anakachita chionetsero ku ofesi yake, ndipo nyuzipepalayo inapepesa.

Kutsutsa n'kosiyana ndi kunyoza

Si zoona kuti Chisilamu sichilola mafunso kapena mtsutso. Asilamu a Sunni okha ali ndi magulu anayi akuluakulu a kamasuliridwe ka malamulo, a Hanafi, Maliki, Shafi'i ndi Hanbali, ndipo akhala akusiyana maganizo pa nkhani zambiri kwa zaka zoposa 1,000. Mkhristu akanena kuti sakhulupirira zoti Muhammad ndi mneneri, Msilamu sadabwa, chifukwa amadziwa kale kuti ndi pamene zipembedzo ziwirizi zimasiyanirana. Chimene chimapweteka ndi kutukwana, kuseka, kapena kuipitsa dala zinthu zopatulika pofuna kuchititsa manyazi anthu amene amazilemekeza.

Vuto ndi lakuti malire a zinthu ziwirizi sakhala pamodzi kwa anthu onse. M'mayiko ngati France ndi Sweden, kuseka chipembedzo chilichonse kumaonedwa ngati mbali ya ufulu wolankhula, umene anthu anaumenyera kwa zaka zambiri polimbana ndi mphamvu za mafumu ndi mipingo. Kumbali inayo, alipo Asilamu ena amene amatcha funso lililonse lovuta kuti ndi mwano, ndipo zimenezi zimatseka pakamwa ngakhale Asilamu anzawo ofuna kukambirana.

Mbiri ndi ndale zimawonjezera moto

Mayiko ambiri a Asilamu analamulidwapo ndi atsamunda a ku Ulaya. Kuukira kwa America ku Iraq mu 2003 ndiponso mavuto a Apalestina zidakali m'maganizo a anthu. Ku Ulaya, Asilamu ndi gulu lochepa, ndipo ambiri ndi ana a anthu obwera. Choncho chipongwe chikachokera kumeneko, ambiri amachimva ngati wamphamvu akutonza wofooka.

Kuno kwathu chilonda chake ndi china. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia, nkhondo ya ku Cabo Delgado yachititsa anthu ena kumakayikira aliyense wovala mkanjo kapena wa ndevu zazitali. Komatu Asilamu ambiri ali m'gulu la anthu amene aphedwa kapena kuthawa m'midzi yawo chifukwa cha zigawengazo. Munthu amene wataya abale ake, n'kumatchedwanso chigawenga chifukwa cha chipembedzo chake, sachedwa kupsa mtima.

Andale ndi magulu a zida nawonso amapezerapo mwayi. Mkwiyo wa anthu umawathandiza kupeza owatsatira, ndipo uthenga umodzi wa pa WhatsApp kapena Facebook umafika kwa anthu masauzande tsiku lisanathe, kaya ndi woona kapena wabodza.

Nanga chiwawa?

Padziko lonse pali Asilamu pafupifupi 2 biliyoni. Ochuluka zedi akamva za chipongwe amadandaula, amapemphera, amaguba mwamtendere kapena kusiya kugula katundu. Komabe anthu aphedwa. Pa 7 Januwale 2015 anthu 12 anaphedwa pa chiwembu cha ku nyuzipepala ya Charlie Hebdo ku Paris, ndipo mmodzi mwa iwo anali wapolisi wachisilamu, Ahmed Merabet. Mu Meyi 2022, ku Sokoto m'dziko la Nigeria, mtsikana wachikhristu wa pa koleji anaphedwa ndi ophunzira anzake atamuneneza kuti wanyoza Mtumiki pa WhatsApp. Mfumu yaikulu ya Asilamu kumeneko, Sultan wa Sokoto, inadzudzula kuphako.

N'zoona kuti mabuku akale a malamulo achisilamu amaika chilango chachikulu kwa wonyoza Mtumiki, ndipo ku Pakistan lamulo la dziko limalola chilango cha imfa pa mlandu umenewu. Koma mashehe ambiri amaphunzitsa kuti kuweruza ndi ntchito ya bwalo la milandu, osati ya gulu la anthu okwiya. Amakumbutsanso kuti Qur'an, mu sura 4, imalangiza wokhulupirira kuchoka pamalo pamene mawu a Mulungu akusekedwa, ndipo mu sura 6 imaletsa Asilamu kutukwana zimene anthu ena amapembedza. Mbiri ya Mtumiki imanenanso kuti anthu a ku Taif atamugenda mpaka kukha magazi, iye anakana kuwatemberera.

Zimene malamulo akunena

Pa 12 Julayi 2023, nthambi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza chigamulo chodzudzula kuwotcha Qur'an. Mayiko 28 anavomera, 12 anakana, ndipo 7 sanavote. Okanawo ankati lamulo liyenera kuteteza anthu, osati zikhulupiriro. Mu Disembala chaka chomwecho, Denmark inakhazikitsa lamulo loletsa kuipitsa mabuku opatulika pagulu, ndipo wolakwa angamangidwe mpaka zaka ziwiri.

Ku Moçambique, gawo 12 la malamulo aakulu a dziko limati boma lilibe chipembedzo chake, ndipo gawo 54 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopembedza kapena kusapembedza, komanso limaletsa kusala munthu chifukwa cha chikhulupiriro chake. Ufulu umenewu ndi wa Msilamu, wa Mkhristu, wa wotsatira miyambo ya makolo ndi wa wosapembedza mofanana. Amene wanyozedwa ali ndi kokadandaula: kwa mashehe, abusa ndi ansembe, kwa mafumu ndi akuluakulu a m'dera, kapena kupolisi ngati pali kuopsezana.