Ululu wa khansa sudikira Lolemba

Mayi wa ku Tsangano akayamba kuona magazi pamene sali kumwezi, kawirikawiri sauza munthu. Amalimba mtima n'kumapitabe kudimba, poti mbatatesi ndi kabichi zikufunika kufika pamsika. Miyezi ikapita, kumaso kukayamba kutuluka madzi afungo, msana n'kumaphwanya usiku wonse, m'pamene amaulula kwa mayi ake kapena kwa mchemwali. Kenako nkhani imafika kwa bambo a kunyumba, kenako kwa amalume, eni mbumba. Ena amayamba adzera kwa asing'anga, ena kumapemphero. Pomwe akutsika mapiri a m'malire a Mozambique kudzalowa mumsewu wa M1 kuti afike pachipatala chachikulu cha pa boma la Ntcheu, matenda amakhala atapita patali.

Amayi otere alipo ambiri. Chiyerekezo cha 2020 cha nthambi ya WHO yofufuza za khansa chidaonetsa kuti amayi 4,145 m'Malawi muno amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero pachaka, ndipo 2,905 amamwalira nayo. Tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, dziko lathu lili m'gulu la maiko omwe amayi ake akutha kwambiri ndi matendawa pa dziko lonse. Pamwamba pake pali khansa ya kummero, ya m'mawere, ndi ija ya Kaposi yotulutsa zigamba zakuda m'miyendo. Boma la Ntcheu, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 659,608, likusenza nawo katundu ameneyu, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Senzani, kuyambira kumapiri mpaka kuchigwa cha Bwanje.

Zinthu zina zasintha, ndipo tiyamikire. Kufikira 2024, Mmalawi wofunika kuwotchedwa khansa ndi makina, chithandizo chomwe achipatala amati radiotherapy, ankayenera kutuluka m'dziko, ndipo ambiri ankamwalira dzina lawo lili pamndandanda wodikira. M'chaka chimenecho chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chidatsegulidwa, ndipo mu 2025 boma lidatsegulira chipatala chake cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Komabe kuchoka pa Ntcheu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo ku Blantyre mtunda wake ndi wosasiyana kwenikweni. Makinawo amathandiza kwambiri amene wafika msanga. Wofika mochedwa, tsogolo lake lili m'manja mwa anthu a m'wodi ya kwawo komweko, makamaka munthu mmodzi yemwe dzina lake silituluka m'nyuzipepala: namwino wamkulu, amene odwala amangoti a sisitala kapena a matironi.

Kuti timvetse zomwe namwino wotsogolera angachite, tiyeni titsike ku Bwanje, titsate msewu wa M5 kudutsa pa Golomoti ndi pa Mua mpaka ku Salima. Kumeneko kuli chipatala cha Ndi Moyo, chomwe chidayambitsidwa ndi namwino wa kuno kwathu, Mayi Lucy Kishindo Finch.

Mayi Finch adagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri kunja, ndipo ali ku Uganda adadzipereka kuthandiza pa Hospice Africa Uganda. Malowa adawayambitsa ndi Dr Anne Merriman mu 1993, ndipo adatchuka chifukwa chosungunula ufa wa mofini m'madzi, n'kupanga mankhwala akumwa otsika mtengo oti wodwala khansa angamamwe ali kunyumba kwake. Mu 1998 Mayi Finch adabwera kumudzi kudzadwazika mchemwali wawo yemwe ankavutika ndi matenda a Edzi. M'chipatala momwe ankadwazikiramo mudali msilikali wachinyamata amene ankabuula ndi ululu wosaneneka, ndipo mankhwala amphamvu oti amupatse padalibe. Mnyamatayo adamwalira akumva kuwawa. Mayi Finch ankadziwa bwino lomwe kuti mankhwala oletsa ululu wotere alipo, kuti ngotchipa, ndipo adali atawaona akugwira ntchito ku Uganda. Adatsimikiza mtima kuti abwerera kwawo kudzathana ndi vutoli. Adabweradi, adayamba kuthandiza odwala ndi zochepa zomwe adali nazo, ndipo mu 2007 Ndi Moyo idatsegulidwa. Mu 2016 wailesi ya BBC idawaika pamndandanda wake wa amayi 100 a chaka chimenecho.

Chomwe chimandigwira mtima pa nkhani ya mayiwa si chisoni chomwe adamva pa imfa ya msilikaliyo. Anamwino ambiri amalira, ena mobisa m'kachipinda kawo kosinthira zovala. Koma Mayi Finch chisoni chawo adachisandutsa dongosolo: malo oti wodwala afikirepo, mankhwala oti azipezeka, antchito oyendera odwala m'midzi, ndi maphunziro a anamwino ndi achipatala ena ochokera m'maboma osiyanasiyana kuti akayambitse chisamaliro chomwecho kwawo. Wodwala amene sadawaonepo Mayi Finch ndi maso amapindulabe ndi chifundo chawo. Utsogoleri wachifundo umaoneka chomwecho, ndipo namwino wamkulu wa m'chipatala cha boma ali ndi mpata wochita zofanana tsiku lililonse, ngakhale alibe ndalama za mabungwe.

Tiyambe ndi kiyi. Mofini ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo. Amakhala m'kabati yokiya, ndipo dontho lililonse lotuluka limalembedwa m'buku. Kuti agwire ntchito bwino, wodwala amayenera kumwa pakatha maola anayi alionse, usana ndi usiku, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Ndiye funso lomwe limalekanitsa wodi yabwino ndi yoipa ndi losavuta: Loweruka usiku, wosunga mankhwala ataweruka, botolo lili m'wodi kapena latsekeredwa kufamase? Kiyi wa kabati ali ndi ndani? Namwino wamkulu woganizira odwala ake amawerengera zimenezi Lachisanu masana, amalemba oda nthawi ilipo, ndipo amakalondola yekha ngati mankhwala akuchedwa kuchokera ku Central Medical Stores Trust. Amadziwanso kuti mofini amamanga m'mimba, choncho salola kuti wodwala apatsidwe popanda mankhwala ofewetsa chimbudzi. Palibe m'bale wa wodwala amene adzabwere kudzathokoza chifukwa cha oda yolembedwa Lachisanu. Koma mayi amene wagona tulo kwa nthawi yoyamba patatha milungu itatu, wagona chifukwa cha pepala limenelo.

Palinso mantha oti athetsedwe. Anamwino ena achichepere amaopa kupereka mofini, poganiza kuti afulumizitsa imfa kapena kuti wodwala azolowera. Abale nawo akamva dzina la mankhwalawa amanong'onezana kuti basi, achipatala ataya mtima. Zoona zake n'zakuti mofini woperekedwa pamlingo woyenera amachotsa ululu, ndipo munthu amatha kudya, kucheza ndi ana ake, ena mpaka kubwerera kukapalira pang'ono kumunda. Dziko la Uganda lidasintha lamulo mu 2004 kuti anamwino ophunzitsidwa bwino azitha kulembera odwala mankhwalawa. Kuno kwathu bungwe la Palliative Care Association of Malawi lakhala likulimbikitsa chisamaliro chochepetsa ululu, kiliniki ya Tiyanjane pa Queen Elizabeth ku Blantyre yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mu 2014 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake. Koma ndondomeko imathera m'shelefu ngati wamkulu wa wodi saima pambali pa namwino watsopano n'kumuonetsa kayezedwe kake, kawiri katatu, mpaka dzanja lisiye kunjenjemera.

Nkhani ya fungo anthu sakonda kuikamba, koma ndi imene imavula wodwala ulemu kuposa china chilichonse. Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imatulutsa fungo lamphamvu, ndipo nthawi zina imaboola njira ya mkodzo, mayi n'kumangodzinyowetsa. Kumudzi amamusamutsira kukanyumba kapadera. Alendo amasiya kubwera. Akafika kuchipatala, chiyeso chimakhala chomukankhira kubedi la kumapeto, pafupi ndi chitseko, komwe aliyense amadutsa mofulumira. Chonsecho pali njira yotchipa yodziwika bwino: mapiritsi a metronidazole, omwe ambiri timawadziwa kuti Flagyl, amaperedwa n'kuikidwa pachilonda, fungo n'kuchepa m'masiku owerengeka. Namwino wamkulu akalowa yekha, osakwinya nkhope, n'kukhala pansi pambali pa bedi, n'kumutchula mayiyo ndi mfunda wake, kaya ndi a Nangozo kaya a Naphiri, antchito onse mpaka wokolopa amaona. Mawa lake nawonso amachita chimodzimodzi. Akadutsa atatseka mphuno, zimenezonso amatengera.

Chovuta kwambiri ndi kunena zoona. Pachikhalidwe chathu sitifulumira kutchula imfa pamaso pa wodwala, ndipo abale nthawi zambiri amapempha kuti mwiniwakeyo asauzidwe. Mbali inayo, pali mawu aja omwe mabanja ambiri adawamvapo m'makhonde a zipatala: pitani nawoni kunyumba, palibe chomwe tingachite. Mawu amenewa ngabodza, chifukwa chochita chimakhalapo nthawi zonse ngakhale kuchiza kutalephereka. Ngoopsanso, chifukwa banja likawamva limagulitsa mbuzi, njinga, ena mpaka munda, kusakasaka mankhwala kwina konse, ana n'kutsala opanda fizi. Ine ndikuona kuti mayi ali ndi ufulu wodziwa za thupi lake, pamlingo womwe iye mwini akufuna kumva. Mwina akufuna kuitana mwana wake ali ku Johannesburg. Mwina akufuna kunena yekha amene adzalere ana ake. Kukambirana kotere sikuchitikira pakati pa wodi anthu akumvetsera. Kumafuna kachipinda, mpando, mphindi makumi awiri, ndi namwino amene wamasulidwa ku ntchito zina kwa nthawi imeneyo. Womasulayo ndi amene amalemba ndandanda wa ntchito.

Magadiyani nawo ndi antchito a m'wodi ngakhale salandira malipiro. Ndiwo amaphika, kuchapa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, usiku n'kugona pasimenti. Wodwala akatulutsidwa, gadiyani ndiye amasanduka namwino. Mtsogoleri wanzeru salola kuti aziwakalipira ngati osokoneza. Amaonetsetsa kuti asanachoke aphunzitsidwa kuyeza mankhwala, kutsuka chilonda ndi madzi a mchere, ndi kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda za pamphasa.

Nanga anamwinowo amawasamala ndani? Namwino mmodzi kapena awiri kugonera wodi yodzaza si zachilendo m'zipatala zathu za m'maboma. Munthu amene watseka maso a odwala awiri usiku umodzi, m'mawa n'kukapeza mwana wake akutentha thupi, tsiku lina adzalankhula mwaukali. Sindikuikira kumbuyo mwano. Wodwala wonyozedwa ali ndi ufulu wodandaula, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi lilipo kuti liziyang'anira khalidwe la anamwino. Koma matironi amene amangodziwa kulemba makalata a chenjezo amakolola antchito amantha, obisa zolakwa. Amene amagawa mashifiti a usiku mwachilungamo, amene amalola mnzake kukaika maliro a m'bale wake popanda kumuchititsa manyazi, amene amaitana gulu lake pambuyo pa imfa yowawa kuti akambirane momwe zayendera ndi momwe aliyense akumvera, ameneyo anamwino ake amakhalitsa, ndipo mtima wawo suuma msanga. Akadzudzula, amadzudzulira kuseri, osati pamaso pa odwala.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi kuchepetsa amayi ofika mochedwa. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo imatenga zaka khumi kapena kuposerapo kuti ikhwime, ngakhale kwa amayi omwe ali ndi HIV imathamanga, ndipo chiopsezo chawo n'chochuluka kasanu ndi kamodzi. Kuyeza kwake n'kosavuta: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pakatha mphindi imodzi malo omwe ayamba kusintha amayera. Chipatala cha Nkhoma, cha mpingo wa CCAP, kuyambira 2013 chidaonetsa kuti malo oterewa angawotchedwe tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, mayi n'kubwerera kwawo atathandizidwa. Katemera wa HPV, atayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba, adafalikira dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Zonsezi zimayenda ngati pali namwino wophunzitsidwa amene sanachotsedwe pamalo pake kukatseka mpata kuwodi ina. Mayi wochokera ku Kandeu amene walipira kabaza n'kupeza chitseko cha koyezera chotseka, mwayi woti adzabwerenso ndi wochepa.

Pomaliza pali ulendo wobwerera kumudzi. Botolo la mofini limatha, ndipo wodwala amene akulephera kukhala tsonga sangakwere njinga yamoto kuchoka ku Kasinje kapena ku Tsangano kudzatenga lina pa boma. Mayankho ake alipo: gadiyani aloledwe kudzatengera mankhwala ndi buku la wodwala, alangizi a zaumoyo a m'deralo adziwitsidwe tsiku lomwe wodwala watulutsidwa, ndipo gulu la chisamaliro chochepetsa ululu lipatsidwe malo m'galimoto yoyendera zipatala zazing'ono monga za ku Bilila, Nsipe ndi Ganya. Zoterezi zimagamulidwa pamsonkhano wa akuluakulu oyendetsa zaumoyo m'boma, pomwe mafuta a galimoto amalimbiranidwa ndi katemera, malungo ndi uchembere. Mkulu wa anamwino m'boma ali ndi mpando pamsonkhano umenewo, ndipo pa onse okhala pamenepo, iye ndi amene antchito ake amasintha nsalu za odwalawa m'mawa uliwonse. Ngati satchula za mafuta okafikira ku Kasinje, n'zokayikitsa kuti wina awatchula.