Kulondola Mapazi a Ubongo m'Magazi

Munthu akaona madzi avundulika padooko, asafulumire kunena kuti ng'ombe zawolokera pomwepo, pakuti mtsinje umasenza matope kuchokera kumtunda n'kukawatula kutali. Vuto lotereli lasautsa akatswiri ojambula ubongo ndi makina a MRI kuyambira mu 1990, pamene Seiji Ogawa wa ku Bell Laboratories anaonetsa kuti magazi amene ataya okosijeni amasokoneza mphamvu ya maginito, ndipo mwa ichi kunatheka kuzindikira mbali ya ubongo imene ili pantchito. Njira imeneyi, yotchedwa BOLD, ili ndi liwu lalikulu ndithu. Koma liwulo limamvekera kwambiri m'mitsempha ikuluikulu yotulutsa magazi pamwamba pa ubongo, imene ili ngati kunsi kwa mtsinje uja.

Chifukwa chake ena anasankha kuyeza kuchuluka kwa magaziwo, podziwa kuti timitsempha timene timafufuma nditomwe tayandikana ndi maselo ogwira ntchito. Mu 1991 Jack Belliveau wa ku Massachusetts General Hospital anabaya anthu mankhwala a gadolinium, naona magazi akuchuluka chakunkhongo, kumene ubongo umalandira zimene maso aona. Pambuyo pake makoswe ndi anyani anabayidwa tizidutswa ta chitsulo tokhalitsa m'magazi, ndipo chizindikiro chinalunjika pakati penipeni pa khungwa la ubongo. Komatu munthu wangwiro sangamubaye kawirikawiri chifukwa cha kafukufuku chabe. Ndipo mu 2003 Hanzhang Lu ndi anzake ku Johns Hopkins anatulukira njira ya VASO, yosafuna jakisoni, mmene makina amazimitsa chizindikiro cha magazi, kotero kuti timitsempha tikafufuma chithunzi chimadera pamalo omwewo.

Khungwa lija, ngakhale n'lochindikala mamilimita 2 mpaka 4 okha, lili ndi zigawo 6 zosanjikizana. Ndipo mu 2017 Laurentius Huber ndi anzake, pogwiritsa ntchito VASO pa makina amphamvu ya matesla 7, anatha kusiyanitsa ntchito ya zigawo zapamwamba ndi zapansi pamene munthu akugwedeza zala. Liwu la VASO n'lofooka, limafuna kujambula mobwerezabwereza, ndipo akulu ananenetsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekhako sikungatayike pachabe, pakuti iye wofuna kudziwa kumene ganizo labadwira ayenera kusiya dooko, nakwera mtsinje kufikira apeze mapazi a ng'ombe zija.