OSUNGA ANA A ANZAO M'MAKOMBONI: KODI THANDIZO ANGALIPEZE KUTI?

M'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika muli nchito ina imene siilembedwa m'mabuku a Boma. Azimai ogulitsa pamsika ndi ogwira nchito m'nyumba za anthu amacoka kusanace, ndipo ana ao amatsala m'manja mwa ambuya, mwa mai wokhala naye pafupi, kapena mwa mtsikana amene wangotsiriza sukulu. Masana ana a giredi 1 ndi 2 akaweruka, naonso amafika pakhomo lomwelo kudzayembekeza makolo ao. Motero mai mmodzi angapezeke ali ndi ana asanu ndi awiri, wina ali kumsana, mphika uli pambaula.

Mai wotere amagwira nchito ya zaumoyo ngakhale sanaiphunzire. Ndiye amayamba kuona kuti thupi la mwana latentha, ndiye amasankha madzi amene anawo adzamwa. Thandizo lomuyenera liripo, ndipo lambiri ndi laulere, koma kawirikawiri limafika kwa mai wobereka cabe. Wosunga ana palibe amene amamuitana, conco ayenera kupita yekha kukalifunsa.

YAMBANI NDI KILINIKI

Boma linacotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linatero ndi m'matauni momwe. Maphunziro amene anamwino amapereka tsiku la sikelo sali a obereka okha. Wosunga ana ali ndi ufulu wokhalapo ndi kufunsa mafunso. Makiliniki amagwiranso nchito ndi komiti ya zaumoyo ya m'dera, imene ambiri amaidziwa kuti NHC. Pitani mukadzidziwitse kwa a komitiyi ndi kuwauza ciwerengero ca ana amene mumasunga, kuti pakakhala katemera kapena pakabuka matenda asakulumpheni.

Mwana asanayambe kutsala kwanu, pemphani kuona kadi yace ya sikelo. Yang'anitsitsani katemera wa cikuku, amene amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Waciwiriyu ndiye amaiwalika kwambiri, cifukwa pa nthawiyo mwana amakhala akuyenda ndipo amai ace anabwerera kale kumsika. Cikuku cikalowa m'nyumba ya ana ambiri sicicedwa kufalikira. Kawiri pa caka kumakhalanso Sabata la Umoyo wa Ana, pamene ana oyambira miyezi 6 amalandira vitamini A, ndipo okwanitsa caka cimodzi amalandira mankhwala a njoka za m'mimba. Makolo akabvomera ndi kukupatsani makadi, mungathe kuwatenga onse ulendo umodzi.

MADZI NDI KUTSEGULA M'MIMBA

Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February 2024. Masabata onsewo ana anali kuti? Ambiri anali kwa azimai omwewa amene tikunena. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini monga mwa malangizo a pabotolo, ndipo muyembekeze mphindi 30 musanamwe. Ana asambe m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati onse m'mbale imodzi.

Pakhomo losungira ana pasasowe mapaketi a Madzi a Moyo. Paketi ya lita imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo otsala atayidwe pakapita maola 24. Kukiliniki amaperekanso mapiritsi a zinki, amene mwana amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutaleka.

Bvuto lalikulu limene timaona ndi kuyembekeza. Wosunga ana amaopa kuti akapita ndi mwana wa wina kucipatala adzafunsidwa kuti anamutuma ndani, ndiye amakhala pansi mpaka amai ace abwere madzulo. Mwana akamakana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza ciriconse, akakomoka, akamapuma mofulumira, maso akalowa m'kati, kapena akalefuka osafuna kudzuka, musayembekeze munthu. Nyamukani, foni muimbe muli panjira. Nkhani imeneyi muipangane ndi makolo tsiku loyamba, ndipo akusiyireni manambala a foni awiri. Thupi likatentha mwana akapimidwe malungo. Musamupatse mapiritsi otsala a mwana wina.

NGOZI ZA PANYUMBA

Palafini yosungidwa m'botolo la zakumwa ndi msampha kwa mwana wa zaka ziwiri. Akamwa musamusanzitse, cifukwa palafini ikalowa m'mapapo ndipo pali ngozi yeniyeni. Mupite naye kucipatala. Akapsa ndi phala kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20. Mazira, saladi ndi mankhwala otsukira mano si mankhwala a bala la moto, ngakhale ambuya atanena motani. M'miyezi yozizira ya June ndi July mbaula ya malasha isalowe m'nyumba yotseka mazenera: mpweya wace sununkha, koma umapha ana ali mtulo. Ndowa ndi migolo ya madzi zikhale zobvundikira.

MWANA WOCITIDWA NKHANZA

Wosambitsa mwana ndiye amaona mabala amene ena saona. Mukakayikira kuti mwana akumenyedwa kapena kugwiriridwa, imbani 116, nambala yaulere ya Childline, kapena kanenani ku Victim Support Unit kupolisi, ngakhalenso ku ofesi ya Social Welfare. Dziwaninso kuti lamulo la ana la mu 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya. Lamuloli limakhudzanso inu, ngakhale kholo litakuuzani kuti mkwapulo ndi wololedwa.

ZA CAKUDYA NDI NDALAMA

Kwa makolo tinene mosabisa: kusiya mwana ndi paketi ya majigisi si kumusiyira cakudya. Mwana wamng'ono amafunika kudya kangapo pa tsiku, ndipo phala la nshawa, kapenta, cibwabwa kapena nthoci zimafuna ndalama. Mupangane malipiro ndi tsiku lolipira, ndipo amene alibe ndalama abweretse ufa, malasha kapena sopo.

Kuyambira mu January 2022 maphunziro m'masukulu a Boma ndi aulere, kuphatikizapo makalasi a ana aang'ono osafika giredi 1. Funsani kusukulu ya pafupi ngati kalasi yotere iriko, kuti ana okulirapo azipita kumeneko m'mawa ndipo inu mutsale ndi makanda. Azimai osunga ana m'komboni imodzi angathenso kupanga gulu, monga amacitira pa cilimba. Gulu lolembetsedwa lingapemphe thandizo la ndalama za CDF kupyolera mu komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo namwino amabvomera msanga kudzaphunzitsa azimai khumi pamodzi koposa kuyendera khomo limodzi-limodzi. Za kalembetsedwe ka gulu, funsani khansala wanu kapena ofesi ya Community Development.