Musadikire kuti chigayo chife ndiye muitane makaniko

Magulu ambiri a alimi omwe ali ndi chigayo, makina opunthira mpunga kapena oyengera mafuta a mpendadzuwa amakumbukira makaniko makina akaima. Tsoka lake, makina amakonda kufa mu June kapena July, matumba atadzaza pakhonde. Komanso chitsulo sichifa chokha. Bearing ikaphwanyika imadya shafiti, ndipo ndalama ya shafiti ikanagula ma bearing angapo.

Mafakitale akuluakulu adasiya kalekale kudikira ngozi. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, fakitale ya shuga imaima nyengo ya dzinja, nzimbe zikasiya kudulidwa, kuti amisiri amasule makina ndi kusintha zomwe zatha. Gulu lanu likhoza kuchita chimodzimodzi: sankhani masiku mu February kapena March, ogayitsa akachepa, mukonze zonse ntchito isanachuluke.

Werengani maola, osati miyezi

Oyilo wa injini ya dizilo amatha mphamvu malinga ndi maola omwe injini yagwira ntchito. Buku la injini limanena maola osinthira oyilo ndi masefa, koma simungawatsate ngati simulemba. Gulani kope likhale kuchigayo. Tsiku lililonse woyendetsa alembe nthawi yomwe waliza ndi kuzimitsa, malita a dizilo kapena mayunitsi a magetsi, ndi matumba omwe agayidwa. Kope limeneli ndi lomwe lidzakuuzeni matenda. Ngati malita 5 ankagaya matumba akutiakuti, lero akugaya ochepa, nyundo zatha kapena lamba akuterereka. Nthawi zina, tinene zoona, limaululanso kuti dizilo akutuluka pakhomo lina.

Makina amadandaula asanafe

M'mafakitale amakono amamata tizipangizo toyeza kutentha ndi kunjenjemera kwa makina, kuti chitsulo chisinthidwe chikangoyamba kudwala. Inu muli ndi dzanja, khutu ndi mphuno. Mukangozimitsa, gwirani pamene pakhala bearing. Ngati simungathe kusiyapo dzanja kwa kamphindi, kutentha kwafika cha m'ma 60°C, ndipo ngati dzulo sipankatentha chotero, fufuzani. Mwina girizi wauma, mwinanso wachuluka. Ambiri sadziwa kuti girizi wambiri amatenthetsanso bearing.

Chigayo chikayamba kunjenjemera mwachilendo, zimitsani pomwepo. Kawirikawiri nyundo imodzi yathyoka kapena zatha mosiyana. Nyundo zambiri zimatembenuzika kuti mbali ina igwire ntchito, koma tembenuzani zonse tsiku limodzi, ndipo pogula zatsopano sinthani gulu lonse. Kusakaniza zakale ndi zatsopano kumalemetsa mbali imodzi, ma bearing n'kutha msanga. Ufa ukayamba kutuluka wamiseremisere, sefa yabooka.

Lamba muyeseni ndi chala chachikulu pakatikati, makina atazima. Pa mita imodzi iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapule, azilowa pafupifupi mamilimita 16. Wolefuka amalira ndi kununkha mphira. Wothina kwambiri amakoka shafiti. Malamba akakhala awiri kapena atatu, asinthidwe onse pamodzi.

Ntchito ya woyendetsa

Ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, mafakitale adayamba kupereka ntchito yopukuta, kuthira mafuta ndi kumanga mabawuti kwa woyendetsa makina mwini, chifukwa ndiye amamva phokoso lake tsiku ndi tsiku. Kuchigayo mdani wamkulu ndi fumbi la ufa. Limatseka sefa ya mpweya ya injini, ndipo limakuta mota mpaka isathe kuzizira. Mphindi khumi zopukuta m'mawa uliwonse zimakwanira. Ikani maginito polowera chimanga kuti agwire misomali ndi timawaya, ndipo bwezani chimanga chosauma bwino, chifukwa chimamata pasefa ndi kulemetsa injini. Pa chigayo chamagetsi, kachipangizo kozimitsa mota ikalemedwa musakalumphitse ndi waya ngakhale kazimitse kangati. Magetsi akabwera ofooka, kameneko ndiye kamapulumutsa mota kuti isapse.

Pamsonkhano wa gulu, gwirizanani gawo la ndalama za thumba lililonse logayidwa lomwe lizisungidwa padera, lisanafike tsiku logawana phindu. Ndalama imeneyo igule malamba, sefa, nyundo ndi ma bearing awiri, zikhale m'bokosi lokhoma, ndipo chilichonse chotuluka m'bokosimo chilembedwe m'kope lija.