Zopyapyala Koma Zosagonja: Akatswiri Pakati pa Nyongolotsi za M'nyanja Yamchere

Zilibe magazi, zilibe mapapo, zilibe mafupa, ndipo zambiri pakamwa polowera chakudya ndi pomweponso potulukira zotsalira. Izi ndi nyongolotsi zopyapyala za m'nyanja yamchere, za gulu lomwe asayansi amalitcha Polycladida, ndipo mitundu yake yodziwika imaposa 800. Ndi abale a tizilombo toyambitsa likodzo, matenda amene anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi amawadziwa bwino, komanso a njoka zazitali za m'mimba zimene zimabwera ndi nyama ya nkhumba yosapsa. Koma izi sizidalira thupi la munthu. Zimadzisakira zokha chakudya m'matanthwe a korali ndi pansi pa miyala, ndipo zina mwa izo zachita zinthu zoti nyama zikuluzikulu sizingafikepo.

Kupyapyala kwake sikuti n'kwangozi. Nyama yopanda magazi imalandira mpweya kudzera pakhungu pokha, choncho palibe mbali ya thupi imene ingatalikirane ndi madzi. Ikanenepa, zam'kati zifa. N'chifukwa chake ngakhale imodzi mwa zikuluzikulu, Kaburakia excelsa ya kugombe la kumadzulo kwa North America, imene imafika masentimita 10 m'litali, kuchindikala kwake n'kwa mamilimita ochepa chabe. Matumbo nawonso amachita nthambi zambirimbiri mpaka m'mphepete mwenimweni mwa thupi, kuti chakudya chifike paliponse popanda magazi ochinyamula.

Pa kukongola, ambiri amatchula Pseudobiceros bedfordi ya m'nyanja za Indian ndi Pacific. Ndi yakuda, ya mizere yofiirira ndi timadontho tachikasu tosawerengeka, ndipo ikanyamuka pansi n'kuyamba kusambira, m'mphepete mwake mumagwedezeka ngati chitenje choyanika pachingwe tsiku la mphepo. Mitundu yowalayi ndi chenjezo kwa nsomba kuti nyama iyi si yokoma. Chenjezoli ndi lamphamvu moti mpaka nsomba ina, Platax pinnatus, ikakhala yaing'ono imakhala yakuda ndi mkombero wa olenji, n'kumasambira mopendekeka kuti adani aiyese nyongolotsi.

Yaululu kwambiri tiipeza m'banja la Planoceridae. Ku Japan kuli Planocera multitentaculata, imene m'thupi mwake muli poizoni wotchedwa tetrodotoxin, yemweyo amene amapha anthu odya nsomba ya fugu yosakonzedwa bwino. Poizoniyu amatseka njira imene mitsempha imatumizira uthenga ku minofu, munthu n'kuuma ziwalo mpaka kulephera kupuma, ndipo mankhwala omuthetsa kulibe. Nyongolotsiyi imaika poizoni wambiri m'mazira ake, chitetezo chimene ana amalandira asanaswe n'komwe. Komabe nkhani yodabwitsa kwambiri inachokera ku chilumba cha Guam. Mu 2006, Raphael Ritson-Williams ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa mtundu wina wa m'banja lomweli, umene pa nthawiyo unali usanapatsidwe dzina. Anapeza kuti poizoni wake wambiri ali m'kholingo, chiwalo chimene nyongolotsi imatulutsa kunsi kwa thupi pofuna kudya, ndipo akachepa ndiye kuti yangomaliza kudya. Tanthauzo lake linali loonekeratu: poizoniyo ndi wosakira. Kanyama kofewa, koti kakhoza kung'ambika m'manja mwa mwana, kamakuta nkhono ya chigoba cholimba, kuiumitsa, n'kuyamwa nyama yonse, chigoba n'kutsala chopanda kanthu.

Ukwati wovuta kwambiri ulinso pakati pa nyongolotsi zopyapyalazi. Nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi m'thupi limodzi, ndiye ziwiri zikakumana pamabuka funso: adzanyamule mazira ndani? Kupanga mazira kumadya mphamvu zambiri, pomwe kupereka mbewu ya abambo n'kotsika mtengo. Mu 1998, Nicolaas Michiels ndi Leslie Newman analemba m'magazini ya sayansi ya Nature zimene anaona pa Pseudoceros bifurcus ya ku Australia. Ziwirizo zimadzutsa mitu, kutulutsa chiwalo chachimuna chosongoka, n'kuyamba kulasana, ina kuzemba, ina kubwezera, nthawi zina mpaka ola lathunthu. Imene yalasa mnzake imasiya mbewu pansi pa khungu, paliponse pamene yabaya, ndipo mbewuyo imayenda yokha m'thupi mpaka kukapeza mazira. Yolasidwayo imatsala ndi mabala oti ipoletse ndi mazira oti iikire. Za m'gulu la Pseudobiceros zimalowa m'nkhondoyi ndi ziwalo zachimuna ziwiri.

Zokhala mozama kwambiri ndi nkhani ya mdima. Za m'madzi osaya zili ndi timaso tambirimbiri, zina mpaka mazana, tomwazikana pamutu ndi m'mphepete mwa thupi, tongozindikira kuwala ndi mthunzi. Koma mu 2006 asayansi analengeza za Anocellidus profundus, imene inapezeka pa zidutswa za mitengo pansi pa nyanja ya Pacific, pakuya kopitirira mamita 2,600. Ilibe diso ngakhale limodzi. Abale ake a gulu lina anapitirira apo: mu 2024 akatswiri a ku yunivesite ya Hokkaido anafotokoza za timatumba takuda ta mazira a nyongolotsi zopyapyala timene tinatengedwa pakuya kwa mamita pafupifupi 6,200, m'chigwa cha pansi pa nyanja cha Kuril-Kamchatka.

Zowononga kwambiri amazidziwa ndi alimi a nkhono za oyisitara. Za mtundu wa Stylochus zimalowa pakampata ka chigoba pamene nkhono yatsegula kuti idye, n'kuidyera m'nyumba mwake momwe. Oweta korali m'matanki agalasi nawo amadandaula ndi ina yaing'ono imene imadya korali wa Acropora. Imameza pamodzi ndi tindere tokhala m'koraliyo, thupi lake n'kusanduka mtundu womwewo, moti mwini thanki amazindikira korali atayamba kale kuyera.

Mpikisano umene gulu lonseli limapambana ndi wa kuvuta kulisanja. Arnold Lang, amene anaphunzira nyongolotsizi ku Naples m'dziko la Italy, anazigawa pawiri m'buku lake la mu 1884: Cotylea, zokhala ndi kachiwalo komatirira kunsi kwa thupi, ndi Acotylea, zopanda kachiwaloko. Mayina awiriwa adakagwirabe ntchito lero. Koma kuti munthu adziwe mtundu weniweni, maonekedwe akunja sakwanira. Ayenera kudula thupi m'tizidutswa topyapyala zedi n'kuyang'ana ziwalo zoberekera pa maikulosikopu. Nyamazonso sizigwirika bwino: zikasautsidwa zimakhadzuka n'kusungunuka, ndipo zikaikidwa m'mankhwala osungira, mitundu yokongola ija imafwifwa. Cha m'ma 1980 akatswiri awiri, Anno Faubel wa ku Germany ndi Stephen Prudhoe wa ku London, anatulutsa njira ziwiri zosiyana zosanjira gulu limodzimodzili, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza ankayenera kusankha yotsatira. Kuyeza DNA kwayamba kuthetsa mkanganowu, koma kukusamutsanso mayina. Yodya korali ija inatchedwa Amakusaplana acroporae mu 2011, ndipo mu 2019 inasamutsidwira m'gulu la Prosthiostomum.

Pa zonsezi, ine mphoto yoyamba ndikuipereka kwa ya ku Guam ija. Kukongola zilipo zambiri zokongola m'nyanja, ndipo kuya kwa mamita 2,600 nsomba zina zimakupitirira. Koma nyama yopanda dzino, chikhadabo kapena fupa, imene imagonjetsa nkhono m'chigoba chake chomwe, ndiye katswiri weniweni wa gululi.